Tizovala ta Makanda Athu Tikununkha Fodya

Ife amene tikulemba izi ndife amayi a ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre. Ena mwa ife ndi oyembekezera, ena angotuluka kumene m'chikuta, ena ndi agogo olera zidzukulu zimene makolo awo anapita ku Joni. Timakumana ku banki m'khonde, ndipo tikamaliza kuwerenga ndalama, nkhani imene siilephera kutuluka ndi ya tizovala ta kaunjika tonunkha fodya. Tikudziwa kuti wina anena kuti anthu akulira ufa ndi feteleza, ife n'kumalira fungo. Ufawo nafenso tikuulira. Koma khanda la masiku atatu limagona ndi kudzuka mphuno ili pa nsalu imene talikulunga nayo, ndipo nsaluyo ndi ife timaisankha.

Kaunjika sitigula chifukwa chomukonda. Kusikelo amatiuza zoti tikonzeretu tisanapite kukachira: zitenje, beseni, kachipewa, masokosi, kajuzi, shawelo. Zonsezi ukati ugule zatsopano m'sitolo, ndalama yake imaposa lendi ya mwezi ya kachipinda kamene tikukhalamo. Chigwereni kwacha mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, n'kudzagwanso mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, m'sitolo timangolowamo kukaona. Ndalama ya mandasi, ya tomato, ya ganyu wochapira anthu, ndi imene timasunga pang'onopang'ono kuti mwana asadzabadwe wopanda chovala. Ikakwana timapita pamsika pompano kapena kukwera minibasi wa ku Limbe, mimba ili kutsogolo, kukaima padzuwa kudikira kuti belo litsegulidwe.

Belo likatsegulidwa pamakhala kulimbana. Oyamba kusankha ndi amene ali ndi ndalama zambiri, ogula zokagulitsanso m'mashopu. Ife timafika pa zotsala, timawerama, timatembenuza mulu, kuyang'ana ngati kachovala kali ndi mabatani onse, ngati sikanang'ambike m'khwapa. Kununkhiza timanunkhiza, koma pamsika mphuno imasokonezeka. Apa akukazinga tchipisi, apo usipa, uko ngalande, ndiponso kaunjika aliyense ali ndi fungo lakelake la m'belo limene limaphimba zonse. Fodyayo amadzaonekera kunyumba. Ukangoviika kajuzi m'madzi ofunda, fungo la ndudu limakwera kuchokera m'beseni mpaka kukugwira pakhosi, ndipo madzi ena amasanduka achikasu. Kwa mayi woyembekezera amene ali kale ndi nseru, pamenepo ndi kuthawira kuseri kwa nyumba. Ukabwerera nako kwa wogulitsa, yankho ndi limodzi: zogula sizibwezedwa, mayi, kachapeni.

Kuchapako ndiye nkhani. Ambiri tilibe mpopi pakhomo. Madzi timagula pa kiyosiki, ndowa iliyonse ndi ndalama, ndipo akaleka kutuluka timadzuka kukali mdima kukandandika zigubu pamzere. Ena amatsikira ku Nasolo, koma madzi a mumtsinje umenewo ndani angachapire chovala cha khanda limene mchombo sunagwe? Chovala cha munthu wamkulu umachapa kamodzi, kutsukuluza, basi. Ka fodyaka umakaviika usiku wonse, m'mawa kutaya madzi, kuchapa ndi sopo, kutsukuluza, kuyanika. Kakauma umaganiza kuti zatha. Ukamuveka mwana, thupi lake likatenthetsa nsaluyo, kapena akabwezera mkaka pang'ono pachifuwa, fungo lija labwerera. Uyambirenso. Madzi amene akanaphikira nsima ndi kusambitsa ana opita kusukulu amathera pa tizovala tokwana m'manja awiri.

Sopo naye sachedwa kutha. Mtanda umene umayenera kutifikitsa kumapeto kwa sabata umasungunuka pakati pa sabata, kenako mbale zimatsukidwa ndi phulusa. Safu wa m'timapaketi amanunkhira bwino, koma taona kuti kununkhirako kumangokhala pamwamba pa fodya, ndipo ana ena amatuluka tiziphuphu m'khosi ndi m'mapindiko a miyendo ngati sanatsukuluzike bwino. Zimene zimathandizako tinaphunzitsana tokha pa mzere wa madzi. Wina anatiuza za soda, yemweyu wothira mu therere, kuti tizisungunula m'madzi ofunda n'kuviikamo zovala usiku. Wina anatiuza za viniga, kuthira pang'ono m'madzi otsukuluzira. Panapita nthawi kuti tidziwe kuti ziwirizi sizithiridwa mu ndowa imodzi, chifukwa zimangochita thovu n'kuthetsana mphamvu, ndalama n'kupita pachabe. Mnzathu wina, pofuna kuti fungo lichoke msanga, anasakaniza jiki ndi viniga m'kabafa kotseka, mpweya wake unamutsamwitsa mpaka anzake anachita kumutulutsa. Palibe amene anali atamuuzapo kuti zimenezo siziphatikizidwa. Ndipo madzi ofundawo sabwera okha, amafuna makala, makala amene kajumbo kamodzi masiku ano sikapsetsa ndi nyemba zomwe.

Chimene chimachotsa fungo kwenikweni ndi dzuwa ndi mphepo, koma nazonso sitizipeza nthawi zonse. Mwana wobadwa mu Januwale amapeza mvula, zovala zimakhala pachingwe m'nyumba masiku angapo, fungo la fodya n'kuonjezeraponso la chinyontho. Wobadwa mu Juni kapena Julayi amapeza chiperoni, nkhungu itakuta phiri la Ndirande, ndipo nthawi imeneyo ndi imene amafunika juzi ndi bulangete kwambiri. Pa ploti imodzi timakhala mabanja ambiri, chingwe ndi chimodzi, timachita kulandirana. Ukayanika uyenera kukhala pomwepo kulondera, chifukwa tizovala ta ana timasowa msanga. Tsiku limenelo geni yaima. Kuyanika pa udzu kapena pansi sitingayerekeze, timaopa ntchentche ija yoikira mazira m'nsalu zonyowa, imene mphutsi zake zimalowa m'khungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa. N'chifukwa chake chilichonse chiyenera kusitidwa. Magetsi akazima timagwira ayironi ya makala, ndiye utsi wa makala ulowenso m'kachovala kamene takhala tikukachotsa utsi wa ndudu.

Tazindikiranso kuti nsalu zimasiyana. Timalaya topyapyala ta thonje timamva msanga, ukachapa kangapo n'kuwamba padzuwa fungo limatha. Majuzi okhuthala, mabulangete a ubweyaubweya ndi timajekete tokhala ndi zofutukuka m'kati ndi amene amakana. Awa ndi omwenso amadula kwambiri, ndipo sasitika, ayironi ikangokhudza amakwinyika n'kusungunuka. Pali timabulangete timene tinagula ndi ndalama ya ngongole ya ku banki m'khonde, lero tikupukutira pansi, chiwongoladzanja chake tikubwezabe.

Likanakhala fungo chabe, mwina tikanapirira monga timapiririra zina. Koma alangizi a zaumoyo amatiuza kuti utsi wa fodya suthera mu mpweya. Chikonga ndi phula lake zimamatirira mu ulusi wa nsalu, m'makatani, m'mipando, n'kukhala mmenemo nthawi yaitali wosutayo atachoka kale. Khanda limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, khungu lake ndi lanthete, ndipo kolala ndi mkono wa juzi limaziika m'kamwa n'kumayamwa. Amatiuzanso kuti ana okhala mu utsi wa fodya amadwala kawirikawiri chifuwa, chibayo, mphumu ndi makutu, ndiponso kuti utsiwo umaonjezera ngozi yoti khanda limwalire mwadzidzidzi lili m'tulo. Ena mwa ife sitifunika kuchita kuuzidwa. Tinakulira m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, makolo athu ali matenanti. Tikukumbuka kuthyola fodya m'mawa masamba ali ndi mame, kenako chizungulire, mutu, kusanza. Tinadziwa tili atsikana kuti chikonga chimalowera pakhungu. Ndiye mwana akayamba kutsokomola usiku, timakhala tsonga pamphasa n'kumadzifunsa ngati ndi chimfine wamba kapena ndi kajuzi kaja.

Kuchipatala nakonso timakanyozeka nazo. Umadzuka m'bandakucha, kuima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo ukafika pomuvula mwana kuti akwere sikelo, wina amakwinya mphuno n'kufunsa mokweza kuti, kodi mayi mumasuta? Anthu onse pabenchi amatembenuka. Umayesa kufotokoza kuti ndi kaunjika, koma wotsatira waitanidwa kale. Apongozi nawo akabwera kudzaona mdzukulu amanunkhiza shawelo n'kungoti chete, kenako umamva kumudzi kuti mpongozi wa m'tauni ndi waulesi, sadziwa kuchapa. Zikhatho zathu zasupuka ndi soda, koma zimenezo palibe amaziona.

Tisanamizire akunja okha. Fungo lina limalowa konkuno. Pali ogulitsa amene amakhala pamwamba pa mulu wa tizovala ta ana ndudu ili pakamwa, phulusa likugwera pomwepo. Zina ndi zovala zimene achibale amatumiza kuchokera ku Joni, zochokera m'nyumba za mabwana osuta, ndipo mphatso sungaikane. Zina ndi za m'nyumba mwathu momwe. Abambo ake a mwana amabwera madzulo, kuyatsa ndudu pakhomo pomwe tayanika matewera, kenako kumunyamula mwana ndi malaya omwewo. Agogo aamuna akabwera kuchokera kumudzi amapichira chingambwe pakhonde. Ukalankhula, akuti mkazi wamwano. Nyumba zathu ndi zogundana, khoma silifika kudenga, ndiye woyandikana naye akasuta kuchipinda kwake, ndi mwana wathu yemwe wasuta.

Ogulitsa kaunjika sitikuwada. Ambiri ndi amayi anzathu, ndipo belo amaligula lomanga, osadziwa zimene zili m'kati. Tinawaona mu Febuluwale 2025 anzawo a ku Lilongwe akuguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula kuti mtengo wa mabelo wakwera mosaneneka. Nawonso belo likatuluka loipa, mpamba wathera pomwepo. Koma iwo ali ndi kokadandaula, ndipo anamveka pa wailesi. Ife tikadandaule kuti? Wogulitsa amaloza wa kuholoselo, wa kuholoselo amaloza amene anamanga belo kutsidya la nyanja, ndipo ameneyo sitidzamuona. Zovala izi zimadutsa m'manja ambiri, zimalipiridwa msonkho pachipata cha dziko, aliyense amadyapo yake. Wochapa yekha ndi amene salipidwa, ndipo ndi amene amalipira madzi, sopo ndi makala.

Mutikhululukire ngati mawu athu ayamba kuwawa, sitinazolowere kulankhula chonchi. Koma zimatipweteka. Makolo athu anakalamba akusenza mabelo a fodya opita ku okushoni ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma, n'kubwerako ndi ngongole. Fodyayo anapita kunja, anthu analemera naye. Ife chimene chatifikira ndi mabelo a zovala zimene ena anazisutira n'kuzitaya, ndipo tikuzigula ndi ndalama zathu kuti tiveke makanda. Kodi amene amamanga belo lolembedwa kuti ndi la ana obadwa kumene alibe mphuno? Akanamuveka mwana wake kachovala kameneko? Tinamva kuti mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la bungwe la World Health Organization lochepetsa kusuta ndi kuteteza anthu ku utsi wa fodya. Kuno ku Ndirande sitinaone chimene chasintha. Pa depoti anthu akusutabe pambali pa mayi wobereka mwana kumsana, ndipo palibe amene amawaletsa. Tatopa kuuzidwa kuti kachapeni, ngati kuti sitichapa.

Zimene tikupempha si zazikulu. Inu oitanitsa mabelo, auzeni amene amakutumizirani kuti za makanda azichapa asanamange, ndipo zonunkha fodya asaziike m'gulu la ana. Inu oyang'anira katundu wolowa m'dziko muno, tsegulaniko mabelo a ana muone ndi kununkhiza nokha. Amayi ndi abambo ogulitsa pamsika, musasutire pa katundu wa ana, ndipo mayi akabwera m'mawa mwake ndi kachovala kamene kakana, muloleni asinthe ndi kena. Anamwino ndi alangizi athu, pa maphunziro a kusikelo paja mumatiphunzitsa za kuyamwitsa ndi za neti, onjezanipo mphindi zochepa za kachapidwe ka kaunjika, zoviikira, ndi zimene siziyenera kusakanizidwa, ndipo muzitifunsira pambali, osati pagulu. Pa maphunziro amenewo muziitananso amuna athu, chifukwa mawu a inu amawamva kuposa athu.

Ndipo inu abambo a m'nyumba zathu, achimwene, amalume ndi agogo, sitikukulandani fodya wanu, ngakhale tikanakonda mutasiya. Kasutireni kutali ndi chingwe cha matewera ndi kutali ndi zenera. Mukabwerako sambani m'manja, vulani malaya amene munasutira, kenako mudzamunyamule mwana wanu.