Ulendo wa ku Joni salumbirira tsiku lofika

Munthu wa ku Neno safunika kuuzidwa kuti ulendo umasintha. Timaziphunzira tisanatuluke n'komwe m'boma lathu. Mvula ikagwa usiku ku Dambe, galimoto yomwe inalonjeza kukunyamulani m'bandakucha imagona m'matope, ndipo amene amathamangira basi pa Zalewa kapena ku Mwanza amayamba kunenerera mtengo kwa wa njinga yamoto. Boma lino linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma msewu wa tala wofika pa Boma takhala tikuumva pa misonkhano ya ndale kwa zaka zambirimbiri.

N'chifukwa chake ndimamva chisoni chosakanikirana ndi phwete ndikaona achinyamata a ku Ulaya, zikwama zazitali kumsana, atakhala pa Zalewa nkhope zili khuma chifukwa basi yopita ku Tete yadutsa itadzaza. Mwinatu malo ogona analipiriratu pa intaneti, tsiku lililonse lili ndi pofikira pake. Pambali pawo mayi wopita ku Joni wayala chitenje pansi, akusenda nachesi, chikwama chake chatsamira mwendo. Iyeyo sanalonjeze munthu tsiku lofika. Wangouza mwana wake pa foni kuti, “Ndanyamuka, tionana Mulungu akalola.”

Njira ya Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge yatiphunzitsa mokwanira. Mu Malichi 2020 South Africa inatseka zipata zake chifukwa cha Covid-19, anthu matikiti ali m'manja. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zinatseka misewu, madalaivala n'kumagona m'zipata, kuno mizere ya pa malo omwetsera mafuta n'kutalika. Njira ya ku Tete ikatsekeka, yotsala ndi ya Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu. Ndi yozungulira, yodya thumba, koma imafikitsa.

Amene amavutika zenizeni zinthu zikatembenuka ndi uja wamangirira ndalama zake zonse ndi masiku ake onse pa njira imodzi. Za ndalama ambiri amadziwa: zina m'thumba, zina m'sokosi, zina zosokerera mu lamba wa siketi, ndi timameticais tochepa togulira madzi ndi buledi basi ikafera pakati pa Tete ndi Changara, kumene dzuwa lake silichita nthabwala. Nambala za abale zilembedwe papepala, pakuti foni imathera moto pomwe mwaifunitsitsa, ndipo Airtel Money kapena Mpamba musaziyese kuti zikuomboleni pa golosale ya m'tchire la eni.

Za masiku ndiye timazichita chibwana. Mmalawi akamalowa mu South Africa amadindiridwa masiku osapitirira 30, ndipo nthawi zina wa pachipata amalemba ochepera apo. Ambiri sayang'ana n'komwe chidindocho. Amangopisa pasipoti m'thumba n'kuthamangira basi. Kuyambira mu 2014, wopyoza masiku ake salipiranso chindapusa ayi, amaletsedwa kulowanso m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapyoza masiku osapitirira 30, zaka zisanu ngati wapitirira pamenepo. Tsono taganizirani mayi wa geni amene wagula tikiti yobwerera ya tsiku lake lomaliza, pofuna kuti aoderetu katundu yense. Basi yachedwa kunyamuka mu Johannesburg, yakafera pa Musina, afika pa Beitbridge tsiku litapyola. Wa pachipata alibe nazo ntchito zoti lamba wa injini anaduka. Geni ya chaka chathunthu yathera pomwepo.

Safunsa anadya phula, ndipo pa ulendo wofunsidwa bwino si foni. Ndi dalaivala wa thiraki amene wangotuluka kumene mukulowako. Iyeyo amadziwa ngati mlatho ukuoloketsa, ngati ku Moatize kwayaka matayala, ngati mzere wa pa Nyamapanda ndi wogonapo. Achinyamata a zikwama aja akanangoyenda pang'ono kufika pomwe mathiraki amaima pa Zalewa, bwenzi atamva msanga kuti akwere minibasi mpaka ku Mwanza, awoloke chipata, ndipo pa Zobue akapeza chapa, minibasi ya kumeneko, yopita ku Tete.