Chipilala cha Asilikali ndi Atengatenga

Mumzinda wa Lilongwe, pakati pa Capital Hill ndi Area 18, pali chipilala chachitali chokumbukirapo anthu amene anafa pa nkhondo ziŵiri zikuluzikulu za dziko lonse. Ana ambiri a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona ndi Area 25 amangochionera patali ali m'minibasi. Ena amayesa kuti ndi malo ojambulitsirapo zithunzi basi. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, pakuti nkhondo yoyamba ija inamenyedwanso pa nthaka ya Malaŵi.

Nkhondoyo inayamba mu 1914, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Pa 13 Ogasiti, sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Malaŵi. Mfuti ya sitimayo ikuonekabe ku Mangochi. Pa 9 Sepitembala, Ajeremani ochokera ku Tanganyika anathira nkhondo boma la Karonga, koma asilikali a Keyala anaŵabweza. Makolo anaitcha nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza.

Mlendo wofika ku Karonga lero amapeza manda a Angerezi ndi Ajeremani amene anafa pamenepo. Mandawo ndi osesedwa bwino, ndipo pa miyala panalembedwa maina. Ku Zomba nako kuli chipilala cha asilikali a Keyala. Koma mwana wanzeru ayenera kufunsa kuti, nanga atengatenga anagona kuti?

Atengatenga anali anthu osenza katundu wa nkhondo. Popeza misewu ya galimoto inali yochepa, ufa, mpunga ndi zipolopolo zinkayenda pamitu ya anthu. Amuna a dziko lino amene analoŵa usilikali anali pafupifupi 19,000, pamene osenza katundu anafika pafupifupi 200,000. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Anagwidwa m'midzi, nasiya minda yosalima ndi ana aang'ono. Ankayenda opanda nsapato, mvula ikuŵakuntha, chakudya chili chopereŵera. Kamwazi, malungo ndi njala zinapha ochuluka, ndipo anzao ankangoŵakwirira m'mbali mwa njira, popanda mwala kapena dzina. Mbusa John Chilembwe anaona msanga kuipa kwa zimenezi. Mu Novembala 1914 analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene sinali yao. Mu 2021, bungwe la Commonwealth losamala manda a nkhondo linavomera kuti Aafirika ambiri sanakumbukiridwe mofanana ndi Azungu.

Ena amati nkhani yakale chotere ilibe phindu kwa mwana wa lero, ndiponso kuti Karonga ndi kutali. Kutali n'kutalidi, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Koma chipilala cha mu Lilongwe chili pafupi, ndipo kalasi lonse lingathe kukafikako m'maŵa n'kubwerako masana. Mu Novembala chaka chilichonse kumachitika mwambo woika nkhata za maluŵa, lipenga likulira.

Asanapite, ana afunse agogo ao ngati pamtundu pao panali wina amene anapita ku utengatenga. Maina otere sali m'mabuku, atsala m'mitu ya okalamba okha. Aphunzitsi angathe kuŵalemba pa pepala limodzi, kuti ana akaŵaŵerenge mokweza patsinde pa chipilalacho, zipewa atavula.