ZA UMOYO WATHU: Wodwala Akabwebweta Atacoka pa Makina Opumila

Sabata ino tikambilana za odwala amene amasokonezeka mutu atawacotsa pa makina othandiza kupuma.

Munthu wa ku Lilayi kapena ku Chilanga akadwala mwakayakaya, kawili-kawili amamutumiza ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka, kumene kuli cipinda ca odwala kwambili cochedwa ICU. Ngati mapapo alephela nchito, madokotala amalowetsa paipi kukhosi kwa wodwalayo ndi kuilumikiza ku makina amene amamupumila, ndipo amamupatsa mankhwala ogonetsa. Ambili a ife tinamva za makinawa m'caka ca 2021, pamene matenda a COVID-19 anadzaza zipatala za mu Lusaka.

Tsiku locotsa paipi acibale amakondwela. Koma nthawi zina cimwemweco sicikhalitsa. Wodwala sazindikila mkazi wake, aona njoka pakhoma, afuna kuzula dilipi ndi kuthawa. Wina sacita phokoso: angoyang'ana kudenga osayankha, ndipo anthu amayesa kuti wangotopa. M'mawa alankhula bwino, usiku ayambanso kubwebweta.

Madokotala amacha vutoli delirium. Si misala ndipo si ufiti. Ubongo ndiwo wafooka cifukwa ca matenda aakulu, kucepa kwa mpweya m'magazi, mankhwala ogonetsa, ululu, ndiponso kusowa tulo m'cipinda cimene magetsi sazima. Munthu wozolowela mowa akausiya mwadzidzidzi, nayenso amasokonezeka cimodzi-modzi. Kafukufuku wocitika m'mawodi a UTH, amene anafalitsidwa mu 2021, anapeza vutoli pa theka kapena pafupi ndi theka la odwala kwambili amene anapimidwa, ndipo odwala otele anali pa ngozi yaikulu ya imfa kuposa anzao. Conco si nkhani yonyozela.

Cenjezo lathu ndi ili. Musamucotse m'cipatala kupita naye kwa sing'anga, pakuti matenda amene asokoneza mutu wake akali kufuna mankhwala. Musamumwetse mobisa mankhwala a zitsamba. Ndiponso akachula dzina la m'bale kapena mnansi, nanena kuti ndiye afuna kumupha, musatengele mau amenewo kumudzi. Ndi mau a matenda, ndipo angathe kupasula banja popanda mlandu.

Nanga mungathandize bwanji? Pa nthawi yoona odwala, khalani pafupi naye, mumugwile dzanja ndi kulankhula mofatsa m'cilankhulo ca kwanu. Muuzeni dzina lanu, tsiku, ndi kumene ali, ngakhale kakhumi. Musatsutsane naye pa zimene akuti waona. Ngati amavala magalasi, abweletseni. Masana aziona kuwala, usiku azigona. Anesi akalola kuti akhale tsonga kapena kuyenda pang'ono, mulimbikitseni. Auzeninso anesi zoona ngati iye amamwa mowa, ndipo mukaona kuti khalidwe lake lasintha, nenani msanga, pakuti inu ndinu omudziwa bwino.

Ambili amabwelela m'nzelu zao patapita masiku angapo. Ena, makamaka okalamba, amaiwala-iwala kwa miyezi atafika kunyumba. Muwalezele mtima, ndipo tsiku lobwelela kwa dokotala likakwana, musalephele kupita nao.