Makina alibe tsankho, tsankho lili pa mndandanda wa abwana

Pa 7 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, ndi mnzawo wa ku Zambia, a Hakainde Hichilema, adatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami. Wapaulendo saimanso kawiri, kuno ndi tsidya. Amamaliza zonse pamalo amodzi, ndipo zambiri zokhudza katundu zimadutsa pa kompyuta. Ntchito yabwino, palibe angatsutse. Koma ine funso langa ndi ili: pamene ntchito zikuchoka pa pepala kupita pa makina, amayi aima pati?

Pansi pa makwerero amayi sasowa. Amene amakwera maminibasi a ku Mchinji akudziwa kuti ambiri mwa ochita malonda ang'onoang'ono odutsa malire ndi amayi: zitenje, sopo, zakumwa, mtedza, nyemba. M'maofesi namonso, kaya ku banki pa boma, kaya m'makampani owombola katundu pa chipata, kaya kwa ogula mbewu pa Kamwendo, mupeza mtsikana pa kauntala, wina akulemba malisiti. Koma tanenani kuti mukufuna manijala, kapena munthu amene amaitanidwa sisitemu ikavuta, muone amene atuluke. Kawirikawiri ndi bambo.

Tikumbuke kumene tachokera. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa mkazi kuvala buluku mpaka lidathetsedwa mu 1993. Masiku amenewo mtsikana akatenga mimba, sukulu yathera pomwepo. Amene adapulumuka n'kulowa m'kampani ankakankhidwira ku taipilaita: utaipisiti, usekilitale, kulandira alendo, kulumikiza matelefoni. Kenaka kompyuta idafika, bwana aliyense n'kuyamba kudzilembera yekha makalata. Foni yam'manja idapha ntchito ya wolumikiza matelefoni, chipinda cha mataipisiti n'kutsekedwa. Ntchito zoyamba kudyedwa ndi makina zidali zomwezo zimene tinkati ndi za amayi.

Lero zikuchitikanso. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo ndalama zambiri zimene kale zinkadutsa m'manja mwa kalaliki wa ku banki tsopano zimayenda pa foni ndi pa ATM. Bungwe lotolera misonkho la MRA limagwiritsa ntchito njira ya pa kompyuta yotchedwa ASYCUDA World, ndipo wowombola katundu amene saidziwa alibe chake pa chipata. Ntchito ya pa kauntala ikutsika mtengo. Imene ikukwera mtengo ndi ya kuseri, ya amene amadziwa m'mene makinawo amayendera. Amanijala a zaka khumi zikubwerazi atuluka kuseriko.

Tsono kuseriko munthu amalowako bwanji? Apa ndiye pagona nkhani. Kampani ikagula makina atsopano, abwana amalemba mndandanda wa opita ku maphunziro ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka. Mndandandawo salembera poyera ayi. Ndipo zifukwa zosiyira amayi timazidziwa tonse. "Uyu ali ndi khanda." "Uyu amuna ake sangalole kuti akagone kunja sabata yathunthu." "Uyu akwatiwa posachedwa, tingotaya ndalama." Mwini wake osafunsidwa n'komwe! Pakatha zaka zitatu, mpando ukapezeka, abwana omwe aja n'kumati, "Tikadakonda kukweza mayi, koma palibe woyenera." Eti palibe woyenera. Mwam'mana khasu munthu, lero mukumuseka kuti sadalime?

Ena anena kuti ndikukokomeza, poti amayi adafika kale pamwamba. Zoonadi. Mayi Anastasia Msosa adatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, ndipo mu 2013 adakhala mkulu wa makhoti onse. Mayi Joyce Banda, amene adayambitsa bungwe la amayi a bizinesi la NABW mu 1990, adalamula dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014. Mu 2016 Pulofesa Address Malata adapatsidwa udindo woyendetsa sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo. Tsidya linalo, mayi Mizinga Melu adakhala mkulu wa banki ya Standard Chartered ku Zambia mu 2008, ndipo mu 2018 mayi Chileshe Kapwepwe adasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa COMESA, bungwe limene malamulo ake amagwira ntchito pa chipata chathu chomwechi. Amayi amenewa adakwirira kale chinenero chija chakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Komatu mayina otha kuwawerenga pa zala za dzanja limodzi sakweza kalaliki wa pa Mchinji.

Enanso ati amayi amakana okha chifukwa cha banja. Alipo otero, sindikukana. Koma akane yekha ndi pakamwa pake, osati wina amukanire kuseri. Ndiponso ndi maphunziro angati amene amafunikadi kukagonera ku hotela ya kunyanja? Ambiri angathe kuchitikira pa ofesi pomwepo, nthawi ya ntchito, ena pa intaneti.

Inu amalonda mwina mukuti izi n'za anthu a m'maofesi. Ayi ndithu, zikukukhudzani. Kuyambira 2010 pakati pa Malawi ndi Zambia pali ndondomeko ya COMESA yofewetsa malonda ang'onoang'ono, ya STR. Ngati katundu wanu ndi wa m'gulu limene maiko awiriwa adagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira malire amene adaikidwa, mumalemba fomu yaifupi popanda kulipira wokuwombolerani. Komabe amayi ambiri amadutsabe njira zam'tchire, komwe amalandidwa katundu, kuitanitsidwa ziphuphu, ena mpaka kufunsidwa zogonana. Chikalata cha ufulu wa amalonda odutsa malire, chimene chidayesedwa pa Mwami ndi Mchinji pompano, chimati mayi ali ndi ufulu wosechedwa ndi mayi mnzake. Chabwino. Nanga akachitidwa chipongwe, kodi m'chipinda chokadandaulira akapezamo mayi wa udindo woti n'kumumvera ndi kulanga wolakwa? Kukwezedwa kwa amayi m'maofesi n'chitetezo cha mayi wa chikwama cha zitenje.

Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, ndipo asapitirire 60. Gawo limeneli silimanga makampani omwe si aboma. Koma kodi kuchita chilungamo mpaka kudikira Nyumba ya Malamulo? Mwayi wa maphunziro ukabwera, ukhomedwe pa bolodi kuti aliyense wofuna apemphe. Pakutha pa chaka kampani inene poyera kuti idaphunzitsa amayi angati ndi abambo angati, idakweza angati. Mabungwe a olemba ntchito ndi a amalonda, ECAM ndi MCCCI, angathe kupempha mamembala awo kutero, ndipo mabungwe a apantchito aike nkhaniyi pa tebulo limodzi ndi ya malipiro.

Kwa inu amayi amene muli kale pantchito, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Musadikire kusankhidwa. Lembani kalata yopempha maphunziro, kope lake musunge. Kwa inu atsikana a ku Ludzi, ku Magawa ndi m'masekondale ena, musathawe masamu, sayansi ndi kompyuta chifukwa wina wati n'zachimuna, pakuti m'mera mpoyamba.

Ndipo kwa inu abwana, kompyuta sifunsa ngati chala chikuidinacho n'cha mkazi kapena mwamuna. Amafunsa ndinu. Mndandanda wotsatira ukafika pa desiki panu, tauwerengani kawiri musadasaine.