Mawu a Kunthambi Amveke M'zipani Zathu



Nthawi zonse nkhani ya amuna kapena akazi ogonana okhaokha ikabuka m'dziko muno, atsogoleri a zipani amathamangira kunena kuti ndi zachilendo zimene mayiko otithandiza akutikakamiza. Chikakamizo chilipo ndithu, ndipo sitinaiwale kuti mu 2011 nduna yaikulu ya Britain, a David Cameron, anaopseza zochepetsa thandizo ku mayiko okhala ndi malamulo olanga anthu otere. Koma tikukana kuti atsogoleri athu azibisala kuseri kwa mawu amenewa. Chimene akubisa ndi chakuti m'zipani zawo membala wamba alibe poyankhulira, pa nkhani iyi ngakhalenso pa ina iliyonse.

Taonani mmene zinayendera ku Britain komweko. Mu 1975 mamembala ochepa a chipani cha Labour anayambitsa kagulu komenyera ufulu wa anthu oterewa mkati mwa chipani chawo. Analibe chuma, ndipo akuluakulu a chipani ankaopa kuti nkhaniyi iwathawitsira mavoti. Kwa zaka khumi anthu aja ankapita ku misonkhano ya nthambi, kulemba mfundo zawo, kugonja, ndi kubweranso chaka chotsatira. Mu 1984, ogwira ntchito m'migodi ya malasha atanyanyala ntchito polimbana ndi boma la mayi Margaret Thatcher, achinyamata ena a gulu lomwelo la anthu ku London, motsogozedwa ndi Mark Ashton ndi Mike Jackson, anayamba kusonkha ndalama zodyetsera mabanja a m'chigwa cha Dulais ku Wales. Anasonkha mapaundi oposa 20,000. Amigodi aja, anthu a kumudzi okonda miyambo yawo, sanaiwale amene anawagawira chakudya pa nthawi ya njala. Pa msonkhano waukulu wa chipani ku Bournemouth mu 1985, bungwe lawo linaponya mavoti ake onse kumbali ya mfundoyi, ndipo inadutsa. Komabe panapita zaka zina 18 kuti boma la Labour lichotse ku England ndi Wales lamulo la mu 1988 loletsa makhonsolo kulimbikitsa za moyo wa anthu otere.

Sitikunena kuti zonse zimene dziko la Britain linachita pambuyo pake n'zoyenera kutsanzira. Mpingo umaphunzitsa kuti ukwati ndi pangano la mwamuna ndi mkazi, ndipo maepiskopi athu anabwereza zimenezi poyera mu 2023. Chimene tikuloza ndi njira yake. Mfundo inachokera kunthambi, inakambidwa masana anthu onse akumva, otsutsa anayankhula, mavoti anawerengedwa, ndipo ogonja anakhalabe mamembala.

Nanga kwathu kuno? Ndime 153 ya malamulo a zilango, imene imapereka zaka 14 m'ndende, tinailandira kwa atsamunda omwewo. Mu May 2010 khoti la ku Blantyre linapereka chilango chonsecho kwa anthu awiri. Patangopita masiku ochepa, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, a Ban Ki-moon. Chaka chisanathe, Nyumba ya Malamulo inawonjezera ndime yolanga akazi. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda analonjeza kuchotsa malamulowa, kenaka nkhani inangozilala. Kodi pa kusinthasintha konseku, ndi nthambi iti ya chipani, ku Nsanje kapena ku Chitipa, imene inafunsidwa maganizo? Bwana akatembenuka, chipani chonse chimatembenuka naye, amayi n'kuyamba nyimbo yatsopano. Choipitsitsa chinachitika mu 2016, pamene mneneri wa chipani china chachikulu analemba pa Facebook kuti anthu oterewa aziphedwa, ndipo mlandu umene anamutsegulira unathetsedwa usanazengedwe.

Apa tiyankhule mosapsatira, poti ena mwa oombera m'manja mawu otere amakhala nafe pa Misa Lamulungu. Kufuna imfa ya mnzako ndi tchimo, ndipo palibe chiphunzitso cha Mpingo chimene chingaliphimbe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2358, amatilamula kulandira anthu amenewa mwaulemu ndi mwachifundo ndi kupewa kuwasala mopanda chilungamo. Malemu Papa Francis ananena mu 2023 kuti kukhala wotero si mlandu woti boma lizimangira munthu. Anthu tikukambawa si alendo. Ena tinawabatiza ife tomwe, ndipo makolo awo amapereka chakhumi m'maparishi mwathu ali ndi mantha mumtima. Wandale amene amawasandutsa chitonzo pa msonkhano amadziwa chimene akuchita: khamu likamaseka, limaiwala kumufunsa za feteleza ndi za mankhwala osowa m'zipatala.

Mu June 2024 oweruza a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anagamula kuti ndime zija zikhalebe. Choncho tsogolo lake lili m'manja mwa aphungu, ndipo aphungu amachokera m'zipani. N'chifukwa chake tikukupemphani, inu amene muli ndi makadi a zipani, kuti musamangopita ku misonkhano kukalandira nsalu ndi ndalama, pamene lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti. Funsani wapampando wa nthambi yanu njira imene membala wamba angatumizire mfundo ku msonkhano waukulu, ndi kuti inagwiritsidwa ntchito liti komaliza. Wina akadzaimirira kupempha kuti chilango cha zaka 14 chiunikidwenso, mumutsutse ngati chikumbumtima chanu chikutero, koma mumulole amalize kuyankhula, ndipo anyamata a chipani asamulondole pobwerera kwawo.

Tikupempha kuti kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse ndi kukambidwa m'miphakati mwezi uno.