Muyezo ukhale umodzi: za Obiriwira ndi ubale wa mayiko

Mu Epulo 2024, a Mokgweetsi Masisi, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko la Botswana, anauza nyuzipepala ya Bild kuti atumiza njovu 20,000 ku Germany kuti eni dzikolo alaweko kukhala nazo pakhomo. Ambiri anaseka, koma mkuluyu sankachita nthabwala. Chinawapsetsa mtima n'chakuti unduna wa zachilengedwe wa ku Germany, umene unali m'manja mwa a Steffi Lemke a chipani cha Die Grünen, ndiye kuti Obiriwira, unkafuna kukhwimitsa malamulo olowetsera m'dzikomo zikopa, mitu ndi minyanga ya nyama zophedwa ndi alenje olipira. Botswana ili ndi njovu pafupifupi 130,000. Anthu a ku Kasungu, ku Lundazi ndi m'chigwa cha Luangwa safuna womasulira kuti aumve mkwiyo umenewu, pakuti amadziwa chimene njovu imachita m'munda wa chimanga usiku umodzi wokha.

Nkhaniyi ikhoza kutinyenga kuti tinene kuti ndale zobiriwira ndi masewera a anthu okhuta. Ine ndikukana. Maganizo a Obiriwira pa ubale wa mayiko ali ndi choonadi chimene chimatikhudza ife kuposa iwo. Pamene pali chilema ndi pa muyezo: akalowa m'boma amadziyeza ndi chikho china, ife n'kutiyeza ndi china.

Tiyambe ndi choonadicho. Chipani cha Die Grünen chinabadwa mu 1980 ku Karlsruhe, kuchokera mwa anthu okana zida za nyukiliya ndi omenyera chilengedwe. Mu 2001 zipani zotere za m'mayiko ambiri zinakumana ku Canberra n'kugwirizana mfundo zisanu ndi imodzi, mwa izo kusamala chilengedwe, chilungamo pakati pa anthu, kupewa chiwawa, ndi kupereka mawu kwa anthu wamba pa zowakhudza. Chiphunzitso chawo chachikulu n'chakuti chitetezo cha dziko sichithera pa asilikali ndi malire. Mvula, mitsinje ndi nthaka nazo ndi nkhani za akazembe. Mayi Wangari Maathai a ku Kenya analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004 chifukwa cha ganizo lomweli, lakuti mtengo ndi mtendere n'zapachibale.

Ndani mwa ife angatsutse? Namondwe Idai anaphwanya Beira mu Malichi 2019 n'kupitirira mpaka ku Chimanimani osaonetsa chiphaso. Freddy, mu Malichi 2023, anasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa kummwera kwa Malawi. Mu 2024 Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza motsatizana kuti agwa m'ngozi ya chilala, madzi a ku Kariba anaphwera, magetsi n'kumazima usana ndi usiku. Chonsecho Africa yense amatulutsa pafupifupi magawo anayi okha pa 100 a utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi. Kazembe amene amaika nkhani imeneyi patsogolo akunena zathu.

Ndipo Obiriwira anachitapo kanthu. A Annalena Baerbock atakhala nduna ya zakunja mu Disembala 2021, zokambirana za nyengo zinasamutsidwira ku unduna wawo, ndipo anasankha a Jennifer Morgan, amene ankatsogolera Greenpeace, kukhala nthumwi yapadera. Pamsonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022, mayiko anavomera kukhazikitsa thumba lothandizira mayiko osauka pa zimene ataya chifukwa cha kusintha kwa nyengo, chinthu chimene olemera anachikana zaka pafupifupi 30. Chaka chotsatira ku Dubai, Germany inalonjeza kuponyamo madola 100 miliyoni. N'zochepa poyerekeza ndi milatho imene Freddy yekha anakokolola, koma chitseko chinatseguka.

Tsopano muyezo uja. Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022, gasi anayamba kuchepa ku Germany. A Robert Habeck, nduna ya zachuma ndi nyengo ya chipani chomwecho, anauluka ulendo wa ku Qatar mu Malichi kukapempha gasi. Malo opangira magetsi ndi malasha amene anali atapumitsidwa anayatsidwanso. Doko lolandirira gasi la ku Wilhelmshaven linamangidwa m'miyezi yosakwana khumi. Malasha a ku South Africa anayamba kukwera zombo zopita ku Ulaya mochuluka kuposa chaka chapitacho. Komatu mu Novembala 2021, ku Glasgow, Germany inali itasaina nawo lonjezo losiya kuika ndalama za boma pa ntchito za malasha, mafuta ndi gasi m'mayiko ena.

Sindikuwadzudzula chifukwa chosafuna kuti nkhalamba zawo zife ndi chisanu. Boma lililonse likadatero. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngakhale pa nkhani ya nkhondo, chipanichi chinapindikapo kale: mu 1999 a Joschka Fischer, nduna yawo yoyamba ya zakunja, anavomera kuti ndege za Germany zimenye nawo nkhondo ya ku Kosovo, mpaka wina wokwiya anawagenda ndi utoto wofiira pamsonkhano wa chipani ku Bielefeld. Funso langa n'lakuti: ngati mfundo imatha kupindika kaamba ka nyengo imodzi yozizira ku Berlin, bwanji imauma gwa ikafika kwa mayi wa ku Mchinji kapena ku Angonia amene sanaonepo babu likuyaka m'nyumba mwake? Chisanu cha mwezi umodzi chimatchedwa ngozi, pamene mdima wa moyo wonse umauzidwa kuti udikire.

Onaninso ndalama. Ku Glasgow komweko, Germany, France, Britain, United States ndi European Union analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni kuti isiye malasha pang'onopang'ono. Gawo lalikulu la ndalamazo linapezeka kuti ndi ngongole. Munthu wakuotchera nyumba, ndiye akukongoza udzu wofolerera, chiwongoladzanja pamwamba. Zambia, imene inalephera kubweza ngongole zake mu 2020, ikudziwa kumene njira imeneyo imathera.

Choncho ndale zobiriwira tisazitaye. Tizigwire pa mawu ake omwe. Aliyense wobwera nazo timufunse zitatu. Kodi amene adzasenze lamuloli, mlimi woyandikana ndi njovu kapena wogwira ntchito mu mgodi wa ku Moatize, anafunsidwa lisanalembedwe? Kodi mwini lamulo amalisunga zinthu zikamuthina? Kodi ndalama zokonzera zimene utsi wake waononga ndi chipepeso kapena ngongole? Mafunso amenewa si achipongwe, achokera m'mfundo za ku Canberra zomwe zija.

Koma muyezo umodzi ukutanthauza kuti nafenso tiyezedwe. Mitengo ya mukula imene inatha m'nkhalango za Zambia sinadulidwe ndi nduna ya ku Ulaya. Matumba a makala amene amadutsa malire athu usiku amadutsa pamaso pa anthu athu. Mtsinje wa Zambezi umamwetsa mayiko asanu ndi atatu, Shire amatenga madzi a m'nyanja kukawathira ku Mozambique, ndipo wodula mitengo kumtunda amamiza wa kumunsi. Luso lokambirana tili nalo: Zambia inatsogolera nthumwi za Africa pamisonkhano ya 2022 ndi 2023, ndipo Malawi inatsogolera gulu la mayiko osaukitsitsa mu 2024. Chimene chikusowa n'chakuti mayiko athu azipita ku misonkhano imeneyi atapangana kale kunyumba, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Obiriwira anatuluka m'boma la Germany mu 2025, ndipo United States inachoka m'pangano la ku South Africa chaka chomwecho. Maboma a kutali amasintha ndi masankho awo, koma chilala sichidikira masankho. Ngati nyengo ili nkhani ya ubale wa mayiko, oyamba kuilemba m'ndondomeko zawo akhale Lilongwe, Lusaka, Maputo ndi Harare.