Asanagwire Pensulo, Ayambe Ayenda pa Nkhotakota

Ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, imene mpaka 2021 tinkaitcha Polytechnic, kumatuluka anyamata ndi atsikana odziŵa kujambula mapulani a nyumba. Ameneŵa ndiwo adzalamule maonekedwe a matauni athu m'zaka zikudzazi. Ife tikuti wophunzira wotere asalandire pepala lake la umisiri asanakhaleko masabata angapo pa malo akale onga Nkhotakota, akuyenda pansi, akuyeza zipupa, ndiponso akumvetsera akuluakulu. Mmisiri wosadziŵa mbiri ya malo angathe kufafaniza pa mwezi umodzi zimene zidakhala zaka zoposa 100.

Taganizani zimene zili pa Nkhotakota. Cha m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdullah adakhazikika pano, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya la kuvuma, pa ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone adafika mu 1861, ndipo mkuyu umene mbiri imati adakhala patsinde pake pokambirana ndi Jumbe ukudziŵika mpaka lero. Amishoni a Anglikani a UMCA adayamba ntchito pano mu 1894. Episkopi wao Chauncy Maples, amene adamira pa nyanja mu 1895, adaikidwa pa tchalitchi cha All Saints. Pano pali mzikiti wakale ndi manda a Ajumbe. Mu 1960 chipani cha Malaŵi Congress chidachitira pano msonkhano wake waukulu. Ndi matauni angati m'dziko muno amene asenza zambiri chotere pa kadera kamodzi?

Komatu zinthu zimenezi n'zosadzikweza. Ndi mitengo, manda, makonde ndi zipupa zazifupi. Kuti ziwonongeke sipasoŵa kuzigwetsa ai. Kungomanga golosale yosanja kutsogolo kwa mzikiti, mzikitiwo wabisika. Kungokumba maziko a mpanda pafupi ndi mkuyu, mizu yaduka, ndipo mtengo uyamba kuuma pang'onopang'ono popanda woimbidwa mlandu. Zonsezi zimayambira pa pepala la munthu wophunzira.

Alipo ena amene amati tsobola wakale saŵaŵa, anthu akufuna misika, zipatala ndi malo ogona alendo, osati mabwinja. Ifenso tikuzifuna zimenezo. Funso lathu ndi lakuti zimangidwe pati, zitalike bwanji, ziyang'ane kuti. Ku Zanzibar, mzinda wakale wa Stone Town udaloŵa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2000, ndipo chilumba cha Ilha de Moçambique chidaloŵa mu 1991. M'malo onse aŵiriwo anthu akukhalamo, akugulitsa malonda, akulandira alendo. Nkhotakota nayo ili pa njira za akapolo zimene Malaŵi adapereka ku UNESCO mu 2011 kuti ziganiziridwe. Kodi tidzaŵaonetsa chiyani obwera kudzaona, ngati zonse zitabisika kuseri kwa magalasi ndi malata? Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo, koma lamulo lingathe kungoletsa. Silingampatse mmisiri maso oona kuti nyumba yake ikuphimba ya mnzake.

Alipo enanso amene amati mbiri ya ukapolo njochititsa manyazi, bwanji ingoiŵalika. Ameneŵa tikuŵakana kotheratu. Amene adaoloka nyanja atamangidwa m'goli anali abale athu, ndipo manda ao sadziŵika. Gombe ndi mkuyu ndizo zatsala zoŵakumbukira. Ndiponso pa malo omweŵa Asilamu ndi Akhristu akhala moyandikana zaka zoposa 100. Wojambula pulani pa Nkhotakota ayenera kudziŵa kuti akuika nyumba pakati pa mzikiti ndi tchalitchi, ndipo onse aŵiri ali ndi ulemu wao.

Nanga wophunzirayo akaphunzire chiyani? Akaone chifukwa chimene amisiri akale adaikira khonde lalikulu ndi zipupa zochindikala, poti kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunyanja sikuseŵera. Akamve kumene mwera umachokera asanaike mazenera. Akafunse asodzi pamene madzi amalekeza nyanja ikadzaza, pakuti mu 2024 tidaona nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zitaima m'madzi. Akajambule msewu wonse, osati puloti yake yokha. Akakhale pansi ndi mafumu, mashehe ndi akulu a mpingo. Safunsa adadya phula. Tsono pa mayeso afunsidwe kujambula sitolo yatsopano yokwanira malonda a lero, koma yosapitirira msinkhu wa zoizungulira ndi yosatseka njira ya kugombe.

Aphunzitsi okha sangathe. Ife makolo ndife timalipira fizi, ndifenso timakhala m'makomiti omanga masukulu, maholo ndi nyumba za lendi. Mmisiri akabwera ndi pulani, tisangofunsa za matumba a simenti. Timfunse ngati adafikako pa malopo, mtengo uti usiyidwe, ndi nyumba iti yakale imene idzabisike. Akalephera kuyankha, abwerere akayende kaye.